Kuitana mapulogalamu a pa IBM i kuchokera pa kompyuta ya pa desiki

Kuitana pulogalamu ya pa seva ndi njira imene pulogalamu ya pa kompyuta wamba, monga ya Windows, Linux kapena macOS, imapemphera pulogalamu ina yomwe ili pa seva ya IBM i kuti igwire ntchito inayake ndi kubweza yankho. Seva zimenezi anthu ambiri amazitchulabe ndi dzina lake lakale la AS/400. Njirayi imagwiritsidwa ntchito m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi, m'mafakitale ndi m'masitolo akuluakulu, momwe malamulo owerengetsera mitengo, chiwongoladzanja kapena katundu analembedwa kalekale m'mapulogalamu a pa seva. M'malo molemba malamulowo kachiwiri, pulogalamu ya pa desiki imangotumiza zofunikira ku seva ndi kuonetsa yankho pa sikirini.

Chovuta chachikulu pa ntchitoyi n'chakuti makompyuta awiriwa salemba zilembo ndi manambala mofanana. Mbali zonse ziwiri ziyenera kugwirizana ndendende pa ndondomeko, mtundu ndi utali wa chilichonse chotumizidwa. Njira zosiyanasiyana zoitanira pulogalamu zimasiyana makamaka pa funso lakuti ndani akumasulira zotumizidwazo: wolemba pulogalamu kapena chida chimene akugwiritsa ntchito.

Mbiri

Kampani ya IBM inatulutsa AS/400 mu June 1988. Makinawa anakonzedwa mumzinda wa Rochester ku Minnesota, m'dziko la America, ndipo analowa m'malo mwa System/36 ndi System/38. Frank Soltis ndi mmodzi mwa akatswiri amene anatsogolera kamangidwe kake. Ankaikidwa m'gulu la makompyuta apakatikati, kutanthauza ocheperapo kuposa ma mainframe koma otha kutumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Mu 2000 dzina linasintha kukhala iSeries, kenako System i, ndipo mu 2008 makinawa anaphatikizidwa m'gulu la Power Systems. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa inayamba ndi dzina lakuti OS/400, inadzatchedwa i5/OS, ndipo kuyambira 2008 imatchedwa IBM i.

Poyamba anthu ankagwira ntchito pa makinawa kudzera pa masikirini a mtundu wa 5250, amene amaonetsa zilembo zokhazokha, kawirikawiri mizere 24 ya zilembo 80. Makompyuta a pa desiki atachuluka m'maofesi, IBM inapereka pulogalamu yowalumikizira ku AS/400 yotchedwa PC Support, imene pambuyo pake inadzatchedwa Client Access. Kulumikizana kwa nthawi imeneyo kunkadalira dongosolo la IBM lotchedwa SNA. Mu 1999 kunatuluka Client Access Express, yomwe inkagwiritsa ntchito TCP/IP, dongosolo lomwenso intaneti imayendera. Pulogalamuyi inasinthanso maina mpaka kufika pa IBM i Access for Windows, imene IBM inasiya kuisamalira mu 2019. M'malo mwake munalowa IBM i Access Client Solutions, yolembedwa mu Java, yokhala ndi zigawo zapadera za Windows, Linux ndi macOS zolumikizira mapulogalamu ku seva.

Mmene mapulogalamu amasungidwira pa seva

Pa IBM i chilichonse chimasungidwa ngati object yokhala ndi mtundu wake. Pulogalamu ndi object ya mtundu wa *PGM, ndipo gulu la tizigawo tomwe mapulogalamu ena amabwereka limakhala la mtundu wa *SRVPGM. Ma object amakhala m'malaibulale, ndipo dzina la object kapena la laibulale silipitirira zilembo 10. Mapulogalamu ambiri amalembedwa mu RPG, COBOL kapena CL, ngakhale C ndi C++ zimagwiritsidwanso ntchito.

Pulogalamu imatchulidwa ndi laibulale yake pamodzi ndi dzina lake. Mwachitsanzo, pulogalamu yotchedwa MTENGO yomwe ili mu laibulale ya MALONDA imalembedwa kuti MALONDA/MTENGO, ndipo zida zina zimafuna kuti ilembedwe motere: /QSYS.LIB/MALONDA.LIB/MTENGO.PGM. Laibulale ikapanda kutchulidwa, seva imafufuza pulogalamuyo pa mndandanda wa malaibulale wotchedwa *LIBL, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, ndipo imatenga yoyamba imene yaipeza.

Zinthu zimene woitana amapatsira pulogalamu zimatchedwa ma parameter. Pa IBM i, pulogalamu siilandira chinthu chenichenicho koma imauzidwa malo amene chinthucho chili m'chikumbumtima cha kompyuta. Chifukwa cha ichi, parameter imodzi yomweyo imatha kulowetsa funso ndi kutulutsa yankho. Chotsatira china n'chakuti pulogalamu imawerenga pamalopo malinga ndi utali umene iyoyo ikuyembekezera, posayang'ana utali umene woitanayo watumiza.

Zimene zimachitika pulogalamu ikaitanidwa

IBM i ili ndi mapulogalamu otchedwa ma host server amene amadikira zopempha zochokera pa netiweki. Amayatsidwa ndi lamulo la STRHOSTSVR, ndipo lililonse limamvetsera pa port yakeyake. Port 449 imauza woitana kumene ntchito iliyonse ikupezeka. Port 8476 ndi yotsimikizira dzina ndi mawu achinsinsi, 8475 ndi yoitanira malamulo ndi mapulogalamu, 8471 ndi ya database, pomwe 8472 ndi ya mizere ya mauthenga. Kulumikizana kukakhala kobisidwa ndi TLS, ma port ake amakhala kuyambira 9470 mpaka 9476.

Kuitana kumayenda motere. Pulogalamu ya pa desiki imatumiza dzina la wogwiritsa ntchito ndi mawu ake achinsinsi. Seva ikavomereza, imapereka job imodzi kuti itumikire munthuyo. Job ndi malo amene seva imapatulira ntchito imodzi, okhala ndi mndandanda wake wa malaibulale, mafayilo ake otsegula ndi kaundula wake wa mauthenga. Ma job oitanira mapulogalamu amatchedwa QZRCSRVS, ndipo a database amatchedwa QZDASOINIT. Amakhala atayatsidwa kale n'kumadikira pansi pa dzina la QUSER, ndipo munthu akalumikizana, job imayamba kugwira ntchito ndi zilolezo za munthuyo. Kenako woitana amatumiza dzina la pulogalamu ndi ma parameter, seva imayendetsa pulogalamuyo, ndipo ikamaliza imabweza ma parameter otuluka pamodzi ndi mauthenga a zolakwika ngati alipo.

Job yotereyi ilibe sikirini ya 5250. Choncho pulogalamu imene imaonetsa fomu n'kumadikira kuti munthu alembepo siingaitanidwe mwa njirayi. Makampani ambiri amayamba alekanitsa gawo lowerengetsera ndi gawo loonetsa pa sikirini, kuti gawo lowerengetseralo lizitha kuitanidwa kuchokera kulikonse.

Kusiyana kwa kalembedwe ka zilembo ndi manambala

Makompyuta a pa desiki amalemba zilembo mu ASCII kapena Unicode, pomwe mapulogalamu ambiri a pa IBM i amagwiritsa ntchito EBCDIC. M'manambala a hexadecimal, chilembo A ndi 41 mu ASCII koma C1 mu EBCDIC. Mpata wa pakati pa mawu ndi 20 mu ASCII ndi 40 mu EBCDIC. EBCDIC nayonso ili ndi mitundu ingapo malinga ndi dziko, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yotchedwa CCSID: 37 ndi ya ku America, 285 ndi ya ku Britain, 500 ndi ya mayiko osiyanasiyana. Zilembo za A mpaka Z ndi manambala zimafanana m'mitundu imeneyi, koma zizindikiro zina, monga za ndalama, zimasiyana. Nambala ya 65535 imatanthauza kuti zolembedwazo zisamasuliridwe, ndipo zikafika pa desiki momwemo zimaoneka ngati manambala kapena zizindikiro zopanda tanthauzo.

Manambala a ndalama ndi a katundu amasungidwa kawirikawiri mu packed decimal. M'kalembedwe kameneka byte imodzi imanyamula manambala awiri, ndipo theka lomaliza la byte yotsiriza limasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. F imaimira pamwamba, D imaimira pansi. Kadontho kolekanitsa ndalama zathunthu ndi zotsalira sikalembedwa n'komwe. Mbali zonse ziwiri zimangoyenera kudziwa pamene kali. Palinso zoned decimal, momwe nambala iliyonse imatenga byte yakeyake.

Manambala a binary nawonso amasiyana kasanjidwe. IBM i imayamba ndi byte yaikulu, pomwe makompyuta a Intel ndi AMD amayamba ndi yaing'ono. Nambala 1 ya ma byte anayi imalembedwa 01 00 00 00 pa desiki, ndipo ikatumizidwa osaitembenuza, seva imaiwerenga ngati 16,777,216.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti pulogalamu ya MALONDA/MTENGO imalandira ma parameter atatu: dzina la katundu la zilembo 10, kuchuluka kwake mu packed decimal ya manambala 5, ndi mtengo wonse mu packed decimal ya manambala 7, awiri mwa iwo ali kuseri kwa kadontho. Wogulitsa akalemba kuti akufuna SOPO 12, pulogalamu ya pa desiki iyenera kusintha mawu akuti SOPO kuchoka pa 53 4F 50 4F kukhala E2 D6 D7 D6, n'kuwonjezera 40 kasanu ndi kamodzi kuti zilembo zikwane 10. Nambala 12 imakhala ma byte atatu, 00 01 2F. Parameter yachitatu imatumizidwa ngati malo a ma byte anayi oti pulogalamu ilembemo yankho. Yankho likabwera ngati 00 12 34 5F, mtengo wake ndi 123.45.

Woitana akatumiza 12 ngati zilembo za ASCII zotsatana ndi mpata, seva imalandira 31 32 20. Theka lomaliza ndi 0, chomwe si chizindikiro chovomerezeka, ndipo pulogalamu ikayesa kuwerengetsera imaima ndi uthenga wa MCH1202. Cholakwika choterechi chimaonekera pomwepo. Choopsa kwambiri ndi chimene sichitulutsa uthenga uliwonse: woitana akaiwala kuti manambala awiri omaliza ali kuseri kwa kadontho, amawerenga 12345 m'malo mwa 123.45, ndipo nambala yolakwikayo imatha kulowa pa risiti popanda chenjezo.

Njira zoitanira

Kuitana mwachindunji. Pa Windows, zida za IBM zimapereka ntchito za chinenero cha C zoyamba ndi cwbRC, komanso fayilo ya cwbx.dll imene inkagwiritsidwa ntchito kwambiri mu Visual Basic ndi Excel. Mu cwbx muli AS400System yolumikizira, Program yotchulira pulogalamu, ProgramParameters yosanjira ma parameter, ndi zida zomasulira monga StringConverter ndi PackedConverter. Wolemba pulogalamu ndiye amanena yekha mtundu ndi utali wa parameter iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti pa seva sipafunika kukonza chilichonse chatsopano.

IBM Toolbox for Java. Ichi ndi chida cha mapulogalamu a Java chomwe chimabwera mu fayilo ya jt400.jar, ndipo mtundu wake waulere wotseguka kwa aliyense umatchedwa JTOpen. Muli AS400 yolumikizira, ProgramCall yoitanira pulogalamu, ServiceProgramCall yoitanira tizigawo ta *SRVPGM, CommandCall yotumizira malamulo, ndi zomasulira monga AS400Text ndi AS400PackedDecimal. Chimagwira ntchito pa kompyuta iliyonse yokhala ndi Java. Pofuna kuchepetsa ntchito yomasulira pamanja, ma parameter amatha kufotokozedwa mu fayilo ya PCML, yolembedwa mu XML, ndipo chida chotchedwa ProgramCallDocument chimamasulira potsatira fayiloyo. Pomanga pulogalamu ya RPG kapena COBOL, seva imatha kutulutsa yokha PCML, zomwe zimachepetsa zolakwika zokopera pamanja.

Kudzera mu SQL. IBM i imabwera ndi database yake ya Db2. Pulogalamu ya RPG, COBOL kapena CL imatha kulembetsedwa ngati stored procedure ndi lamulo la CREATE PROCEDURE, momwe amatchula dzina la pulogalamu, chinenero chake, ndi mtundu wa parameter iliyonse, komanso ngati ndi yolowa, yotuluka kapena ya mbali zonse. Zikatero, pulogalamu ya pa desiki imalumikizana kudzera mu ODBC, JDBC, OLE DB kapena .NET n'kutumiza mawu onga akuti CALL MALONDA.MTENGO(?, ?, ?). Driver ndi database ndizo zimamasulira zilembo ndi manambala. Njirayi ndi yofala kwambiri chifukwa kufotokoza kwa ma parameter kumakhala malo amodzi pa seva, ndiponso pulogalamu imatha kubweza mizere yambiri ya mayankho nthawi imodzi.

Kutumiza lamulo la CL. Pulogalamu ya IBM yotchedwa QCMDEXC imalandira lamulo lolembedwa ngati mawu pamodzi ndi utali wake, umene uyenera kukhala packed decimal ya manambala 15, asanu ali kuseri kwa kadontho. Palinso procedure ya QSYS2.QCMDEXC imene imalola kutumiza lamulo lokha. Njirayi ndi yoyenera poyambitsa ntchito yosafuna yankho, monga kutumiza lipoti kuti likasindikizidwe, chifukwa ma parameter otuluka sabwerera kwa woitana. Komanso lamulo la CALL likalembedwa ngati mawu, nambala yosafotokozedwa mtundu imatumizidwa ngati packed decimal ya 15 ndi 5, ndipo mawu aafupi amawonjezeredwa mipata mpaka ma byte 32. Pulogalamu yoyembekezera utali wina imawerenga zinthu zolakwika.

Mizere ya mauthenga. Data queue ndi object imene mapulogalamu amasiyirana mauthenga. Pulogalamu ya pa desiki imaika pempho pamzere, pulogalamu ya pa seva imene imadikira nthawi zonse imalitenga, ndipo yankho imaliika pamzere wina. Woitana safunika kuima n'kumadikira kuti ntchito ithe, choncho njirayi imathandiza pa ntchito zotenga nthawi yaitali.

XMLSERVICE ndi ma web service. XMLSERVICE ndi pulogalamu yaulere yolembedwa mu RPG imene imalandira pempho mu XML, imaitana pulogalamu yofunidwayo, n'kubweza yankho mu XML. Zida za PHP, Python ndi Node.js zimaigwiritsa ntchito. IBM i ilinso ndi Integrated Web Services, imene imachititsa kuti pulogalamu ya RPG kapena COBOL iziitanidwa kudzera mu HTTP ngati SOAP kapena REST. Pamenepa kompyuta ya pa desiki siifunika driver ya IBM.

Kukopera za pa sikirini. Pulogalamu imene singalekanitsidwe ndi sikirini yake imatha kuyendetsedwa kudzera mu pulogalamu yotsanzira 5250 ndi chida chotchedwa EHLLAPI. Pulogalamu ya pa desiki imalemba m'mabokosi ngati munthu ndi kuwerenga zimene zaoneka pa mzere wakutiwakuti. Njirayi ndi yosalimba, chifukwa bokosi limodzi likangosunthidwa pa sikirini, zonse zimasokonezeka.

Mavuto ofala

Kupatula MCH1202, uthenga wina wofala ndi MCH3601, umene kawirikawiri umatuluka pulogalamu ikafuna parameter yomwe siinatumizidwe. Parameter ikakhala yaifupi kuposa mmene pulogalamu ikuyembekezera, pulogalamuyo imawerenga kapena kulemba m'malo a zinthu zina, ndipo zotsatira zake zimasinthasintha moti cholakwikacho chimavuta kuchipeza.

Mndandanda wa malaibulale umasokonezanso ambiri. Munthu akalowa pa sikirini ya 5250, nthawi zambiri pamayenda pulogalamu yoyambirira imene imawonjezera malaibulale pa mndandanda wake. Pulogalamu imeneyi siiyenda mu job ya pa netiweki. Chifukwa cha ichi, pulogalamu yomwe imagwira bwino pa sikirini imatha kulephera kupeza mafayilo ake ikaitanidwa kuchokera pa desiki. Mndandandawo ukasanjidwa molakwika, pulogalamu imathanso kulemba m'mafayilo enieni a kampani pomwe woitana akuganiza kuti ali m'mafayilo oyeserera.

Pulogalamu ikakumana ndi cholakwika chimene sinakonzekere, imatha kutumiza funso kwa woyang'anira makina n'kuima kudikira yankho. Job imaoneka ndi chizindikiro cha MSGW, ndipo pa desiki pulogalamu imangooneka ngati yauma. Woyang'anira amapeza chifukwa chake powerenga kaundula wa mauthenga a job imeneyo.

Job imakumbukiranso zimene zachitika kale pa kulumikizana komweko. Pulogalamu ya RPG imene yabwerera osayatsa chizindikiro cha LR imasiya mafayilo ake ali otsegula ndi manambala ake ali momwe analili. Izi zimafulumizitsa kuitana kotsatira, koma anthu angapo akamasinthana kulumikizana kumodzi, zotsalira za woyamba zimatha kukhudza yankho la wachiwiri.

Chitetezo

Pa nthawi ya masikirini a 5250, makampani ambiri ankateteza zinthu zawo ndi ma menu: munthu ankangoona zosankha zimene wapatsidwa. Kulumikizana kwa pa netiweki sikudutsa pa menu. Munthu amene ali ndi chilolezo pa fayilo kapena pa pulogalamu amatha kuifikira kudzera mu ODBC kapena port 8475 ngakhale menu yake isamulole. Chiletso cha LMTCPB, chomwe chimaletsa munthu kulemba malamulo pa sikirini, sichitseka malamulo odzera pa host server yoitanira mapulogalamu.

Choncho chitetezo chenicheni chimakhala pa zilolezo za object iliyonse. Njira ina yodziwika ndi yomana anthu chilolezo pa mafayilo, n'kuwalola kuitana pulogalamu yokha, yomwe imabwereka zilolezo za mwini wake pa nthawi imene ikuyenda. IBM i ilinso ndi malo otchedwa ma exit point, monga QIBM_QZRC_RMT ndi QIBM_QZDA_INIT, pamene kampani imalembetsapo pulogalamu yake yoona pempho lililonse, kulilemba m'kaundula, ndi kulivomera kapena kulikana. Kulumikizana kukapanda kubisidwa ndi TLS, ma parameter ndi mayankho amayenda pa netiweki moti wina atha kuwawerenga. Kulemba dzina limodzi ndi mawu ake achinsinsi m'kati mwa pulogalamu ya pa desiki n'koopsanso, chifukwa aliyense wokhala ndi pulogalamuyo atha kuzipeza, ndipo kaundula wa seva sasonyeza munthu weniweni amene anachita chinthu.

Kusankha njira

Kusankha kumadalira mtundu wa pulogalamu ndi zimene kampani ingalole kusintha pa seva. Stored procedure imayenera pamene yankho lili ndi mizere yambiri kapena pamene mapulogalamu a zinenero zosiyanasiyana akufuna kuitana pulogalamu imodzi. Kuitana mwachindunji kumayenera pamene pa seva sipangawonjezedwe kanthu, kapena ma parameter akakhala ndi zigawo zambiri zolowana. Data queue imayenera ntchito zochedwa, ndipo web service imayenera pamene oitana ali kunja kwa netiweki ya kampani kapena pa makina amene sangaikidwe driver. Njira iliyonse imene yasankhidwa, parameter ikasinthidwa pa seva iyenera kusinthidwanso kwa oitana onse. N'chifukwa chake makampani ambiri amasiya pulogalamu yakale momwe ilili n'kupanga ina ya dzina latsopano, mpaka makompyuta onse a pa desiki atasamukira ku yatsopanoyo.